Caka ca 1809: Nkhondo Zace ndi Ana Ace

Munthu wofuna kudziwa za caka ca 1809 ayenera kuyamba ndi Napoleon, pakuti masiku amenewo anthu a ku Ulaya analibe nkhani ina yoposa iyeyo. Anali atakhala mfumu yaikulu ya Afalansa pafupifupi zaka zisanu, ndipo maiko ambiri oyandikana naye anali atamgonjera kale. Otsala olimba mtima anali Angerezi, amene nyanja inawacinjiriza, ndi anthu a ku Spain, amene anakana kulandira Joseph, mkulu wace wa Napoleon, kuti akhale mfumu yao.

Poona kuti asilikali ambiri a Cifalansa atangwanika ku Spain, boma la Austria linayesa kuti nthawi yobwezera yakwana, ndipo m'mwezi wa April linayamba nkhondo. Napoleon anadza msanga, nalowa m'mzinda wa Vienna pa 13 May. Koma pa 21 ndi 22 May, pamene anali kuolotsa ankhondo ace pa mtsinje wa Danube, milatho yace inaduka, ndipo anabwezedwa pa midzi ya Aspern ndi Essling. Ulaya yense anazizwa kumva kuti munthu uja akhoza kugonja. Iye anakhala milungu isanu ndi umodzi akumanga milatho yolimba, naolokanso, napambana pa Wagram pa 5 ndi 6 July. Pa cigwa cimeneco panakomana asilikali pafupifupi 300,000, ndipo akufa, olasidwa ndi ogwidwa anaposa 70,000 masiku awiri okha. Pa pangano la mtendere la pa 14 October, Austria inataya anthu oposa 3,000,000 pamodzi ndi madoko ace onse a kunyanja. Mwezi womwewo wa Wagram asilikali a Cifalansa anagwira Papa Pius VII usiku, namcotsa ku Roma.

Zonsezi zinaoneka ngati zokhazikika, koma sizinatha zaka zisanu ndi cimodzi. Papa anabwerera ku Roma m'caka ca 1814, Austria inalandiranso maiko ace ambiri pa msonkhano wa ku Vienna, ndipo Napoleon, atagonja pa Waterloo m'caka ca 1815, anakafera pa cilumba ca St Helena. Amene sanabwerere ndi anyamata ogona pansi pa minda ya Wagram.

Angerezi naonso anafuna kuthandiza Austria, ndipo kumapeto kwa July anatsitsa asilikali pafupifupi 40,000 pa cilumba ca Walcheren, m'mbali mwa dziko la Holland. Malowo ndi a madambo ndi mifuleni ya madzi osayenda. Pofika December otsala anali atabwerera kwao osacita kanthu kooneka. Ophedwa ndi adani anali 106 okha, koma ofa ndi malungo, kamwazi ndi matenda ena anafika ngati 4,000. Asing'anga ao anati cifukwa cace ndi mpweya woipa wa m'madambo, pakuti za udzudzu zinadziwika mocedwa, m'caka ca 1897, ndi nchito ya Ronald Ross. Mwana wa sukulu wa ku cigwa ca Luangwa angamve nkhani ya Walcheren msanga koposa ya Wagram.

Zinthu zina za caka cimeneco, zimene sizinamveke kutali, ndizo zinakhalitsa. Dziko la Finland linacoka m'manja mwa Sweden, nilikhala pansi pa mfumu ya Russia kufikira 1917. Ku South America, m'mzinda wa Quito, nzika zinacotsa wolamulira wa Spain pa 10 August, ndipo ngakhale zinagonjetsedwa msanga, moto unali utayaka. Pasanathe zaka 20 Spain inali itataya maiko ace onse a pa mtunda umenewo. Ndipo ku Cape, pa 1 November, Bwanamkubwa Caledon analengeza lamulo lakuti Mkhoikhoi ali yense akhale ndi malo odziwika okhalapo, ndi kuti asacoke m'cigawo cace wopanda citupa. Angerezi anali ataletsa malonda a akapolo m'caka ca 1807, alimi Acizungu anali kusowa anchito, ndipo lamulolo linawamangira anchito pa mapulazi ao popanda unyolo. Linafafanizidwa m'caka ca 1828, koma citupa cinabweranso m'maonekedwe ena. Anthu 69 ophedwa pa Sharpeville m'caka ca 1960 anali kukana citupa, ndipo malamulo ace anathetsedwa m'caka ca 1986. Pepala la Caledon linakhala ndi zidzukulu zambiri koposa pangano la Napoleon.

Nanga kuno pakati pa Afrika? Livingstone anali asanabadwe, ndipo Angoni anali asanaoloke Zambezi, cimene anacita m'caka ca 1835. Koma dziko silinali lotsekeka monga ena aganizira. Pa mzinda wa Mwata Kazembe ku Luapula panali amalonda awiri ocokera ku Angola, mmodzi dzina lace Pedro João Baptista, amene anadziwa kulemba nasunga buku la ulendo wao. Anafika kwa Kazembe m'caka ca 1806, nakhala komweko zaka zinai, njira ya kum'mawa iri yotsekedwa ndi nkhondo, ndipo anafika ku Tete m'caka ca 1811. Cotero caka ca Wagram cinawapeza ali pa Luapula, akudikira cilolezo ca mfumu.

Ana obadwa ku Luapula caka cimeneco palibe anawalemba m'kaundula. Ngakhale Samuel Ajayi Crowther, wa mtundu wa Ayoruba ku Nigeria, caka cace cobadwa cingoyerekezedwa kuti ndi ca m'ma 1809. Anagwidwa ukapolo m'caka ca 1821, naomboledwa panyanja ndi combo ca nkhondo ca Angerezi caka cotsatira, natsitsidwa ku Freetown. Kumeneko anaphunzira kuwerenga miyezi yowerengeka, nakhala mphunzitsi, ndipo m'caka ca 1864 anadzozedwa bishopu, Mwafrika woyamba m'Mpingo wa Anglican.

Ana a ku Ulaya ndi America masiku ao alembedwa. Awiri anabadwa tsiku limodzi, la Sabata, pa 12 February. Abraham Lincoln anabadwira m'kanyumba ka mitengo ka cipinda cimodzi ku Kentucky, atate wace ali munthu wovutika kulemba ngakhale dzina lao. Sukulu za kumeneko zinali za miyezi yocepa pa caka, ana onse akuwerenga mokweza nthawi imodzi kuti mphunzitsi adziwe kuti palibe wogona. Maina a aphunzitsi ace oyamba asungika, Zachariah Riney ndi Caleb Hazel, anthu wamba amene sakadakumbukidwa konse popanda mwanayo. Masiku ace onse a m'sukulu, atawaphatikiza, sanakwane caka cimodzi. Zotsalazo anadziphunzitsa yekha ndi mabuku obwereka, ndipo amai omupeza, Sarah, ndiwo anamlimbikitsa pamene ena anamuyesa waulesi cifukwa cokonda buku koposa nkhwangwa. Anasankhidwa pulezidenti wa United States m'caka ca 1860, m'dzikomo muli akapolo pafupifupi 4,000,000. Pa 1 January 1863 analengeza ufulu wa akapolo a m'zigawo zopanduka, ndipo ukapolo unathetsedwa m'dziko lonse kumapeto kwa 1865, iye ataphedwa kale ndi mfuti m'mwezi wa April.

Charles Darwin anabadwira m'nyumba yaikulu ku Shrewsbury, mwana wa dokotala wolemera, ndipo anakhala zaka zisanu ndi ziwiri pa sukulu yotchuka ya m'mudzimo. Iye mwini anadzalemba kuti sukuluyo sinamthandize. Ankaphunzira Cilatini ndi Cigriki pamtima, mtima wace uli pa tizilombo, mbalame ndi miyala. Mphunzitsi wamkulu, Samuel Butler, atamva kuti mnyamatayo asanganiza mankhwala ndi mkulu wace m'kanyumba ka m'munda, anamdzudzula pamaso pa anzace kuti ataya nthawi pa zacabe. Butler anali mphunzitsi wodziwa nchito yace, ndipo ana ace ambiri anapambana mayeso, koma anali ndi muyeso umodzi wokha woyesera ana onse. Ku Edinburgh Darwin anaphunzira kusenda mbalame ndi kusunga zikopa zace kwa John Edmonstone, munthu wakuda amene anali kapolo kale ku Demerara, ndipo luso limenelo linamthandiza pa ulendo wa combo ca Beagle, wa 1831 mpaka 1836. Buku lace la 1859, lonena kuti mitundu ya zamoyo isandulika pang'onopang'ono m'mibadwo yambiri, linautsa mtsutso waukulu m'mipingo ndi m'masukulu. Akatswiri a zamoyo anadzalandira mfundo yace. Anaikidwa m'Westminster Abbey m'caka ca 1882, momwe Livingstone anaikidwa zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyo mwace.

Ena angachulidwe mwacidule. Felix Mendelssohn, wopeka nyimbo, anabadwa ku Hamburg m'February, ndipo alembi Edgar Allan Poe ndi Alfred Tennyson anabadwa m'January ndi m'August. Caka cinatseka ndi William Gladstone, wobadwa ku Liverpool pa 29 December, amene gawo lina la cuma ca atate wace linacokera ku minda ya nzimbe ya akapolo ku Demerara komweko. Anakhala nduna yaikulu ya Britain kanai, ndipo boma lace loyamba ndilo linaika lamulo la 1870 lomanga sukulu za ana wamba ku England ndi Wales.

Koma woyenera kumcedwerapo aphunzitsi ndiye wobadwa poyamba pa onsewa. Louis Braille anabadwa pa 4 January m'mudzi wa Coupvray, mamailosi oposa 20 kum'mawa kwa Paris. Atate wace anali mmisiri wa zikopa, wosoka malamba ndi zishalo za akavalo. Ali wa zaka zitatu mwanayo anatenga citsulo cosongoka ca atate wace, nadzilasa naco m'diso. Cilonda cinavunda, matenda analowa m'diso linalo, ndipo pofika zaka zisanu anali wakhungu kotheratu. Masiku amenewo mwana wakhungu wa kumudzi mathero ace anali kupemphetsa pa njira.

Pano mpamene panaoneka anthu awiri a pamudzi. Wansembe, Jacques Palluy, anayamba kumphunzitsa pakamwa, ndipo pambuyo pace anapempha mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzimo, Antoine Becheret, kuti amlandire pamodzi ndi ana openya. Becheret akadakana palibe akadamtsutsa, pakuti mwana wosaona bolodi kapena buku angatani m'kalasi? Iye anavomera. Louis anakhala pansi, namvetsera, nasunga zonse pamtima, naposa anzace ambiri. Kupambana kwaceko ndiko kunampezera malo pa sukulu ya ana akhungu ku Paris, kumene analowa m'caka ca 1819 ali wa zaka 10.

Pa sukuluyo mabuku anali owerengeka, akulu ndi olemera. Zilembo zace zinali zomwezi za anthu openya, zosindikizidwa motukuka kuti cala cizitsata, ndipo mwana pofika kumapeto kwa ciganizo anali ataiwala ciyambi cace. Coipa koposa, ana sanathe kulemba okha. M'caka ca 1821 kunafika njira ina ya Charles Barbier, amene anali msilikali wa mizinga kale: timadontho totukuka tobooledwa papepala, mpaka 12 pa cizindikiro cimodzi. Ana anaikonda cifukwa dontho limveka bwino ku cala koposa mzere wokhota, koma cizindikiro cinali cacitali, cosakwana pansi pa nsonga ya cala. Louis anacepetsa timadontho kufika pa sikisi, tiwiri m'mimba ndi titatu m'litali, kuti cala cimve cilembo cathunthu pakukhudza kamodzi. Timadontho sikisi tingasanjidwe m'njira 63, zokwanira zilembo zonse, manambala, zopumira, ngakhale nyimbo. Anatsiriza nchitoyo m'caka ca 1824, ali wa zaka 15, naifalitsa m'buku m'caka ca 1829. Colembera cace cinali citsulo cosongoka, cofanafana ndi cija cinamlasa.

Akulu openya sanafulumire kuvomera. Ena anati akhungu akakhala ndi zilembo zaozao adzapatuka kwa anthu ena; mwina enanso anaopa kuti aphunzitsi openya adzacepa nchito. Mkulu wina wa sukuluyo analetsa njirayo kanthawi, koma ana anapitiriza kulemberana mobisa ndi misomali ndi mafoloko. Braille anakhala mphunzitsi pa sukulu yomweyo moyo wace wonse, wa masamu, mbiri ndi nyimbo, ali wodwaladwala cifuwa cacikulu, ndipo anamwalira pa 6 January 1852, wa zaka 43. Sukuluyo inalandira zilembo zace mwa lamulo m'caka ca 1854, mwini wace atagona m'manda zaka ziwiri.

Kucokera pamenepo timadontho tinayenda m'zinenero zambiri. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, amene nthawi imeneyo anali Fort Jameson, Mai Issie Hofmeyr a Misyoni ya Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa akhungu m'caka ca 1905, ndipo sukulu yoyamba ya akhungu m'dziko lino inamera pamenepo. M'caka ca 1952, patapita zaka 100 cimwalirire iye, boma la France linafukula mafupa a Braille kukawaika m'nyumba ya Panthéon ku Paris, mogona anthu omveka a dzikolo, ndipo akhungu ambiri anatsata malirowo m'miseu ndi ndodo zao zoyera. Anthu a ku Coupvray sanafune kumtaya yense. Anapempha kuti mafupa a manja ace atsale, ndipo anawasunga m'kabokosi pa manda ace akale m'mudzimo.