Imfa za m'Chitokosi ku John Vorster Square ndi Funso la Mwini Mlandu

Pakati pa mzinda wa Johannesburg, kumapeto kwa msewu wa Commissioner, pali nyumba yosanja ya apolisi imene lero imatchedwa Johannesburg Central, ndipo Amalawi amene ali ku Joni amaidziwa ngati malo amene munthu angathe kugonako akagwidwa wopanda mapepala. Kuyambira 1968 pamene idatsegulidwa mpaka 1997 pamene idasinthidwa dzina, nyumbayi inkatchedwa John Vorster Square, potengera dzina la nduna yaikulu ya boma la tsankho, yomwe ija idadzacheza ku Malawi mu 1970. Mbiri ya nyumbayi ndiyo imafotokoza bwino momwe malamulo a South Africa amaonera wogwira ntchito m'boma amene munthu wafera m'manja mwake, makamaka pamene wogwira ntchitoyo akunena kuti malemuyo wadzipha yekha.

Malamulo amene Malawi adatengera kwa Angerezi adaika kuyesa kudzipha kukhala mlandu, ndipo amene walangiza kapena kuthandiza mnzake kuti adziphe adamuikira mlandu wakewake, wa chilango chofika pa kukhala m'ndende moyo wonse. Ku South Africa zinthu nzosiyana, chifukwa kudzipha kapena kuyesa kudzipha si mlandu, ndiponso palibe mlandu wapadera wotchedwa kuthandiza kudzipha. Mpata umenewu udatsekedwa mu 1970 pa mlandu wa Grotjohn, mwamuna amene adapatsa mkazi wake wolumala mfuti yoikamo kale zipolopolo pamene ankakangana, mkaziyo nkudziwombera. Bwalo loyamba lidamumasula poganiza kuti dzanja lomaliza lidali la mkaziyo, koma nduna ya zachilungamo itapempha bwalo lalikulu la apilo kuti liunikire funsolo, oweruza adanena kuti kudzipha kwa munthu mwa kufuna kwake sikuchotsa nthawi zonse mlandu pamutu pa amene adamukonzera njira. Malinga ndi cholinga chake komanso momwe zinthu zidayendera, wokankhira mnzake ku imfa atha kupezeka wolakwa pa mlandu wakupha mwadala, kuyesa kupha, kapena kupha chifukwa chosasamala. Chigamulochi sichidapatule wapolisi kapena wa boma aliyense.

Komabe m'zaka zomwezo boma lidali litapatsa apolisi achitetezo, otchedwa Security Branch, mphamvu zosunga munthu osamutengera kukhoti: masiku 90 mu 1963, masiku 180 mu 1965, ndipo kuyambira 1967, pansi pa gawo 6 la lamulo lothana ndi zauchigawenga, nthawi yopanda malire, wopanda loya kapena mbale womuona. Woyamba kufa pansi pa malamulowa adali Looksmart Ngudle mu September 1963, ndipo apolisi adati wadzimangirira. Imfa yotere imayenera kufufuzidwa ndi bwalo pa chimene amachitcha inquest, umene si mlandu woimba munthu koma kafukufuku wofuna kupeza chimene chapha malemu ndiponso ngati alipo amene zochita zake, kapena kulekerera kwake, zikuoneka kuti ndi mlandu. Mamajisitireti a nthawiyo adali antchito a boma lomwelo, ndipo yankho lawo kawirikawiri lidali limodzi, lakuti palibe wolakwa.

Ahmed Timol, mphunzitsi wa ku Roodepoort wa zaka 29, adagwidwa pa chipata cha apolisi pa 22 October 1971, patangopita miyezi iwiri Dr Kamuzu Banda atalandiridwa ndi ulemu wonse m'dzikomo, ndipo pa 27 October adagwa kuchokera pa zenera la chipinda 1026, pa nsanjika yachikhumi ya John Vorster Square. Wapolisi Joao Rodrigues adati adali naye yekha m'chipindamo ndipo adalephera kumugwira pamene ankalumpha. Mu 1972 majisitireti adavomereza zimenezi ngakhale thupi lidali ndi mabala amene madokotala adati adalipo asanagwe.

Mlandu umene udakhudza funso la kukankhira munthu ku imfa mwachindunji udali wa Neil Aggett, dokotala wobadwira ku Kenya, amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Baragwanath kwinaku akusonkhanitsa ogwira ntchito m'mafakitale a zakudya kuti alowe m'bungwe lawo. Adamangidwa pa 27 November 1981, ndipo chakumapeto kwa January adapanikizidwa ndi mafunso kwa maola 62 osapatsidwa mpata wogona. Pa 4 February 1982 adapereka dandaulo lolembedwa kwa wapolisi wina wamkazi, momwe adafotokoza kuti adamenyedwa ndi kutenthedwa ndi magetsi, ndipo m'bandakucha wa pa 5 February adapezeka akulendewera pa zitsulo za chitseko cha chitokosi 209 ku John Vorster Square, khosi lili lomangidwa ndi kikoi, nsalu yamizeremizere yofanana ndi chitenje imene anthu a ku Kenya amavala. Adali ndi zaka 28, atakhala m'manja mwa apolisi masiku 70, ndipo ogwira ntchito zikwizikwi m'dziko lonse adaimitsa ntchito kwa theka la ola pomulira.

Loya wa banja, George Bizos, adaona kuti kutsimikizira majisitireti wa boma la tsankho kuti apolisi adapha munthu ndi manja awo kukadakhala kutunga madzi ndi lichero. Choncho adasankha njira ina, yovomereza kuti mwina Aggett adadzimangiriradi, nkumanena kuti imfayo idali yochita kumukankhira, ndipo Major Arthur Cronwright ndi Lieutenant Stephen Whitehead, amene ankatsogolera kumufunsa, ayenera kuyankha mlandu wakupha chifukwa chosasamala. Mfundo yake idali yakuti munthu wotsekeredwa sadzisankhira chakudya, tulo kapena womuona, motero amene wamulanda ufulu wonsewu ndiye amasenza udindo wa moyo wake, ndipo akamuzunza mpaka kumutayitsa mtima sangasambe m'manja ponena kuti chingwe adamanga yekha. Njirayi idapereka mwayi wakuti ena amene adazunzidwa pa nsanjika yachikhumi aperekere umboni poyera, chinthu chimene chidali chisanachitike pamlingo wotere. Ngakhale zidali choncho, mu December 1982 majisitireti Pieter Kotze adakhulupirira apolisi onse, nakana mboni za banja, nagamula kuti palibe wolakwa.

Apa nkofunika kuona kuti lamulo silidasowe, chifukwa chigamulo cha Grotjohn chidali chitakhala kale zaka 12. Chimene chidasowa ndi woweruza wolimba mtima woligwiritsa ntchito pa munthu wovala yunifolomu. Tsankho litatha, bungwe la Truth and Reconciliation Commission, limene ankatsogolera Archbishop Desmond Tutu, lidavomereza mfundo ya Bizos, ndipo lidati Cronwright ndi Whitehead ndiwo adafikitsa Aggett pa mkhalidwe umene udamuchititsa kutaya moyo. Bungweli silidali khoti, ndipo ofesi yozenga milandu ya boma la demokalase idakhalira nkhanizi kwa zaka zambiri, zomwe nkovuta kuzikhululukira kuposa bodza la majisitireti wa 1982, pakuti apa panalibenso wowaopseza ndi chitokosi.

Mabanja ndiwo adakakamira kuti imfazi zifufuzidwenso. Pa 12 October 2017 Jaji Billy Mothle adagamula kuti Timol sadalumphe koma adazunzidwa nkukankhidwa, ndipo Rodrigues adaimbidwa mlandu wakupha mu 2018, koma adamwalira mu September 2021 mlanduwo usanayambe kumvedwa. Pa 4 March 2022 Jaji Motsamai Makume adapitirira pamene Bizos adalekera, napeza kuti Aggett sadadziphe nkomwe, koma adaphedwa ndi apolisi amene pambuyo pake adakonza malowo kuti aoneke ngati wadzimangirira. Whitehead adali atamwalira kale mu 2019. Amalawi saona zachilendo apa, pokumbukira kuti Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic ku Blantyre, atapezeka atafa mu September 2011 apolisi adati wadzipha, koma komiti yofufuza yotsogoleredwa ndi Jaji Andrew Nyirenda idapeza mu 2012 kuti adachita kuphedwa.

Zimene zidasintha ku South Africa ndi zakuti imfa iliyonse ya m'manja mwa apolisi, kaya akuti ndi matenda kaya kudzimangirira, iyenera kuperekedwa ku bungwe loima palokha lofufuza apolisi, la IPID, ndipo kuyambira 2013 kuzunza womangidwa ndi mlandu pawokha. Malamulowa sasankha nzika kapena mlendo, monga zidaonekera pa Mido Macia, dalaivala wa minibasi wochokera ku Mozambique amene adakokedwa kumbuyo kwa galimoto ya apolisi ku Daveyton mu February 2013 nkufera m'chitokosi, ndipo apolisi asanu ndi atatu adalamulidwa zaka 15 aliyense mu 2015. Pakagwa zovuta zotere, Amalawi a ku Joni amathamangira kusonkha ndalama zonyamulira maliro, chifukwa kumudzi anthu amakhala atasonkhana kale pasiwa ndipo anamfedwa safuna kuchedwa. Abale asalole kuti bokosi likwere galimoto asanatenge nambala ya mlandu ku IPID ndi chikalata cha dokotala amene wapima mtembo, ngakhale malemuyo adalowa m'dzikomo wopanda pasipoti.