Mudzi Wonse Pakhosi pa Julius Chongo

Inu a ku Kapata ndi Mchini amene mumamvera zonse pa foni, kafunseni ambuya anu ku Kasenengwa za Julius Chongo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, dzuwa likalowa, anthu anali kuunjirira wailesi imodzi kuyembekezera pulogalamu yake ya Poceza M'madzulo. Kalulu, Fisi, nkhalamba yolongolola: onsewo anali kutuluka pakhosi pa munthu mmodzi yemweyo. Nthano zamakolo anali kuzisoka mwatsopano, n'kulowetsamo za m'tauni.

Ernst Wendland anasonkhanitsa zina m'buku lomwe linatuluka mu 2004, ndipo anacita bwino. Koma pepala silitha kusintha mau. Mukafuna kumva mmene Fisi anali kulirira, apempheni ambuyawo akuyeserereni akali moyo.