Njira ya njovu ya ku Franschhoek

Kumapeto kwa tauni ya Franschhoek, makilomita pafupifupi 75 kuchokera ku Cape Town, msewu wa R45 umayamba kukwera phiri mokhotakhota ngati uja wa Khwekhwelere. Pamwamba pa mpatawo pali geti lolowera ku malo otetezedwa a Mont Rochelle, ndipo ndi pomwe anthu okonda kukwera mapiri amasiya magalimoto. Tinjira tilipo tingapo. Kena kamapita ku Uitkyk, liwu la Chiafrikaans lotanthauza poonera patali, komwe munthu amasuzumira damu la Wemmershoek lili phee pakati pa mapiri. Kena nka anthu amiyendo yolimba, kokwera Perdekop, nsonga yotalika mamita oposa 1,500. Mukacheuka kuyang'ana kumene mwachokera, chigwa chonse chili pamapazi anu: mizere ya mipesa yowongoka ngati anachita kuyeza ndi chingwe, nyumba zoyera mbee, mitengo ikuluikulu yamthunzi. Kukongola kwake nkosatsutsika, ndipo sinditsutsa. Funso langa ndi lakuti chigwachi anachikongoletsa chonchi ndani.

Tiyambe ndi njira yomweyi. Adatchi oyamba ankatchula malowa Olifantshoek, ngodya ya njovu, chifukwa njovu zinkadutsa pampatawu kutsikira m'chigwa. Mkwaso wa njovuwo ndi womwe alenje ndi abusa ankatsata. Mu 1819 munthu wina dzina lake S.J. Cats anaukuza kuti ngolo zizidutsa, koma njira yake inali yotsetsereka moti ngolo yodzaza katundu inkalephera. Lero ndi kanjira ka oyenda pansi, amakatcha Cats se Pad. Msewu weniweni unatha mu 1825 pansi pa Major William Holloway, molamulidwa ndi bwanamkubwa Lord Charles Somerset, ndipo ophwanya miyala anali asilikali a Royal African Corps. Kamlatho kamiyala ka Jan Joubertsgat komwe anamanga nthawi imeneyo kakunyamulabe magalimoto mpaka pano.

Dzina la njovu lija linafa chifukwa cha anthu pafupifupi 200. Mu 1685 Mfumu Louis XIV ya ku France inathetsa lamulo la ku Nantes lomwe linkalola Apulotesitanti kupembedza mwaufulu, ndipo Ahuguenot, monga ankatchedwera, anabalalika. Kampani ya Adatchi ya VOC inatengako ena kupita nawo ku Cape kuyambira 1688, nkuwagawira minda m'chigwachi. Iwo anatcha mindayo mayina akwawo: La Motte, La Provence, Cabrière, Bourgogne, La Dauphine. Basi Olifantshoek inasanduka Franschhoek, ngodya ya Afalansa.

Nkhani yawo ndi yoona ndipo ndi yomvetsa chisoni. Koma taonani mmene yakulira. Vinyo sanabwere ndi iwo. Jan van Riebeeck anali atafinya kale mphesa zoyamba pa 2 Febuluwale 1659, ndipo Simon van der Stel anali atayamba munda wa Constantia mu 1685. Chifalansa chenichenicho sichinakhalitse. Kampani inkafuna kuti alendowa asungunuke pakati pa Adatchi, inalimbikira Chidatchi kusukulu ndi kutchalitchi, ndipo pofika zidzukulu chilankhulocho chinali chitazima. Anatsala ndi mayina okha: Du Toit, De Villiers, Joubert, Le Roux, Malan. Komabe mwezi wa Julayi uliwonse tauniyi imavala mbendera za France pokondwerera tsiku la Bastille. Ine zimandiseketsa, chifukwa Bastille inagwa mu 1789, patadutsa zaka 100 Ahuguenot atachoka kwawoko. Koma poti vinyo akugulidwa, ndani angawerenge zaka?

Pansi pa mpata, pomwe msewu waukulu wa m'tauni umathera, pali chipilala chachikulu chokumbukira Ahuguenot. Anachitsegulira mu Epulo 1948. Mwezi wotsatira, chipani cha National chinapambana chisankho ndipo D.F. Malan, mdzukulu wa othawa chizunzo omwewa, anakhala nduna yaikulu nkuyamba kukhazikitsa tsankho la apartheid. Zinthu ziwirizi sizinapanganidwe kuti zitsatane choncho, koma zinatsatana.

Tsono anakumba maenje a mipesayi ndani? Choyamba, malowa sanali opanda eni. Akhoikhoi ankadyetsamo ng'ombe ndi nkhosa kwa zaka mazanamazana. Minda itayamba kudulidwa anataya msipu ndi madzi, kenako nthomba ya mu 1713 inawapulula, ndipo ambiri mwa otsala anakhala antchito pa nthaka yomwe makolo awo ankadyetsapo ziweto. Chachiwiri, akapolo. Pakati pa 1652 ndi 1808 anthu pafupifupi 63,000 anatsitsidwa pa Cape ngati katundu, kuchokera ku India, ku zilumba za Indonesia, ku Madagascar ndi kugombe la kummawa kwa Africa. Mpesa ndi mbewu yofuna manja ambiri: kudulira nyengo yozizira, kupalira, kuthyola mphesa dzuwa la Febuluwale lili pamutu, kuziponda ndi mapazi. Nchifukwa chake alimi a vinyo ndiwo ankakhala ndi akapolo ambiri kuposa oweta ziweto a kumtunda.

Apa mpomwe nkhaniyi imayandikira kwathu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, ambiri mwa akapolo ofika pa Cape ankachokera ku Mozambique, ndipo kumeneko anawapatsa dzina loti Masbiekers. Chilumba cha Mozambique sichinkabala anthu ogulitsa chokha ayi. Chinkadyetsedwa ndi njira zamalonda zochokera kumtunda, kuphatikizapo za amalonda Achiyao zomwe zinkafika kumadera a nyanja yathu ndi minyanga. Pa 3 Disembala 1794 sitima ya Apwitikizi ya São José inanyamuka pachilumbacho ndi anthu oposa 500 m'mimba mwake, ulendo wa ku Maranhão ku Brazil. Pa 27 Disembala inagunda miyala pafupi ndi Clifton, gombe lomwe lero anthu achuma amaotherapo dzuwa. Anthu oposa 200 anamira. Opulumukawo sanawafunse nkomwe kuti kwanu nkuti. Anawagulitsa konko ku Cape. Zotsalira za sitimayi zinalengezedwa mu 2015, ndipo zina mwa zitsulo zomwe ankaikamo kuti ikhazikike pamadzi zinakaonetsedwa ku Washington. Ndikamva Mmalawi akunena kuti ife ku Cape tinayamba kupitako dzana lomweli pofuna maganyu, ndimaganiza za njira zimenezi.

M'minda yambiri yakale muli kachipilala koyera kokhala ndi belu. Alendo amakonda kujambulitsapo, ena ukwati umene. Limeneli ndi belu lomwe linkadzutsa akapolo mbandakucha ndi kuwaweruka madzulo. Ukapolo unathetsedwa pa 1 Disembala 1834, koma omasulidwawo anawakakamiza kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo zaka zina zinayi, mpaka 1838, ati pophunzira ufulu. Chipukuta misozi chinaperekedwa, inde, koma kwa eni akapolo. Opanda malo, opanda khasu lawolawo, akanapita kuti? Ena anathawira ku mamishoni. Mudzi wa Pniel, womwe mumaudutsa pochoka ku Stellenbosch kudzera pa mpata wa Helshoogte, unayamba choncho mu 1843. Ambiri anangotsala pamunda pomwepo.

Chomwe chinawamangirira pamenepo chinali vinyo yemweyo. Alimi ankalipira gawo la ntchito ndi chikho cha vinyo wotsalira, kangapo patsiku, dongosolo lomwe limatchedwa dop. Muzu wake ndi wakale: mu 1658 Van Riebeeck analemba yekha m'buku lake kuti ana a akapolo azipatsidwa brandy ndi fodya kuti azilimbikira kuphunzira mapemphero. Munthu wozolowera chikho cha m'mawa sasamuka pamunda, ndipo mlimi amataya vinyo amene sakanagulitsa nkomwe. Lamulo linaletsa mchitidwewu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, koma unapitirira m'minda ina mpaka m'ma 1990. Dop anatha, ludzu lomwe anadzala silinathe. Madera a mphesa a Western Cape ali m'gulu la malo omwe ana obadwa ndi ubongo wowonongeka chifukwa cha mowa womwe mayi anamwa ali woyembekezera ndi ochuluka kwambiri pa dziko lonse lapansi. Zimenezi pa Uitkyk simungazione, ngakhale kutacha bwanji.

Zina zimaoneka ndithu, bola kudziwa koyang'ana. Polowa m'tauni kuchokera ku Paarl mumadutsa Groendal, komwe apartheid inaika anthu omwe inkawatcha makaladi, ndipo pamwamba pake, m'mbali mwa phiri, pali Langrug, zisakasa zamalata zothithikana. Kumeneko ndi komwe kumagona ambiri mwa othyola mphesa, otsuka mbale m'malesitilanti ndi osesa m'nyumba zogona alendo. M'minda ndi m'makhitchini a Western Cape masiku ano mumamveka Chixhosa, Chisotho, Chishona, ndi Chichewa chomwe. Mu Novembala 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns, kuseri kwa mapiri kumpoto chakummawa, ananyanyala ntchito, kutseka msewu wa N1 ndi kutentha mipesa ina. Nthawi imeneyo malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali R69 patsiku. Iwo ankafuna R150. Kuyambira pa 1 Malichi 2013 boma linawaikira R105.