Momwe Nkhani za Ousmane Sembène Zinachokera m'Buku Kunka pa Kanema

Pamene dziko la Senegal linalandira ufulu wodzilamulira m'chaka cha 1960, Ousmane Sembène, mwana wa msodzi wa ku Ziguinchor, amene anabadwa mu 1923, nasiya sukulu akali wamng'ono, nakhalapo mmisiri womanga nyumba ndi msilikali wa Afalansa, nasenzanso katundu padoko la Marseille zaka ngati khumi, anabwerera kwawo ali kale mlembi wa mabuku atatu. Lachitatulo, Les Bouts de bois de Dieu, linasimba za kunyanyala ntchito kwa anthu a panjanji ya Dakar-Niger m'zaka za 1947 ndi 1948. Koma mabuku onsewo anali m'Chifalansa, ndipo ambiri mwa iwo amene anawasimba sakadatha kuwerenga ngakhale tsamba limodzi. Angakhale amayi ake omubala, amene anawapatulira buku lake loyamba, sanadziwe kuwerenga.

Chinthu ichi chinamlasa mumtima, ndipo atatsala pang'ono kukwana zaka 40 anamuka ku Moscow kukaphunzira luso la kanema ku Gorky Studio, pamapazi a Mark Donskoy. Wowerenga asayese kuti Aafirika a m'maiko olamulidwa ndi France anachedwa pa lusoli chifukwa cha ulesi, pakuti lamulo la Pierre Laval la 1934 linati aliyense wofuna kujambula kanema m'maikowo ayambe wapempha chilolezo kwa bwanamkubwa, ndipo chilolezocho mwana wa m'dzikomo sanali kuchiona. Nchifukwa chake Paulin Vieyra ndi anzake anajambula Afrique sur Seine mu 1955 m'misewu ya Paris. Sembène atabwerako anayamba ndi kafilimu kakafupi, Borom Sarret, mu 1963, ka munthu woyendetsa ngolo mu Dakar, ndipo pambuyo pake anatembenukira ku nkhani zake zomwe.

Apa ndipo pali chokoma cha mbiriyi, pakuti mlembi amene asamutsa nkhani yake yomwe alibe wina womuopa, ndipo Sembène sanachite nazo chisoni zolemba zake. Nkhani yaifupi ya La Noire de..., yosindikizidwa mu 1962 m'buku la Voltaïque, imayamba Diouana atafa kale, mtsikana wa ku Senegal wogwira ntchito m'nyumba ya Azungu ku Antibes, amene anadzipha m'bafa. Apolisi afika, ndipo nkhani ibwerera m'mbuyo kukafuna chiyambi cha tsokalo. Mufilimu ya 1966 woonera amupeza Diouana ali moyo, akutsika m'chombo, atavala bwino, ndipo amayenda naye kufikira imfa. Popeza kamera siona za mumtima, mlembiyo anafuna chinthu chogwirika choti chisenze zimene m'buku zinasenzedwa ndi mawu, ndipo anaikamo chigoba chosema chimene mtsikanayo apatsa mabwana ake ngati mphatso, iwo nachipachika pakhoma loyera, iye nachilandanso mtima utawawa. Anaonjezanso mathero atsopano: bwana abwerera ku Dakar ndi katundu wa malemuyo, apereka ndalama kwa mayi wake, mayiyo azikana, ndipo kamnyamata kovala chigoba chija kamlondola m'mbuyo. Ine ndiyesa kuti matherowa aposa zonse zimene zinali m'buku. Filimuyi inalandira mphoto ya Jean Vigo, komabe inali ndi chilema chimodzi, chakuti maganizo a Diouana amveka m'Chifalansa, ndi liwu la mayi wina wa ku Haiti, Toto Bissainthe.

Chilema chimenecho chinachotsedwa mu 1968 ndi Mandabi, yotengedwa m'buku lake laling'ono la Le Mandat. Ibrahima Dieng, mwamuna wa akazi awiri, wosowa ntchito koma wokonda ulemu ndi mkanjo wotambalala, alandira uthenga wakuti mphwake wosesa misewu ku Paris watumiza mafranki 25,000 pa positi, ndipo mwa ndalamazo zake za iye ndi 2,000 zokha. Akazi ake ayamba kukongola mpunga kusitolo, anansi adza ndi madandaulo awo, onse ataiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kupositi amuuza kuti abwere ndi chitupa. Kwa opereka chitupa afuna kalata ya kubadwa ndi zithunzi. Wojambula zithunzi amdyera ndalama. Ndipo potsiriza mnyamata wophunzira, wovala suti, amene analonjeza kumthandiza, atapa ndalamazo nanena kuti zabedwa. M'buku, wowerenga amachita kuuzidwa kuti Dieng samva chinenero cha boma. Mukanema khutu limadzimvera lokha: mkuluyo alankhula Chiwolofu chaulemu, kalaliki amuyankha m'Chifalansa chodula, ndipo woonera wa ku Dakar adziwa pomwepo amene ali mwini dziko ndi amene asanduka mlendo pakwawo. Sembène mwiniyo aonekamo atakhala patebulo kupositi, akulembera ndi kuwerengera makalata anthu osadziwa kulemba.

Ndalama zojambulira zinachokera ku France, ndipo walira mvula walira matope: anayenera kujambula filimuyo kawiri, ina m'Chifalansa, ina m'Chiwolofu. Ya Chiwolofu ndiyo imene yakhalitsa, ndipo ambiri amaiwerenga kukhala filimu yaitali yoyamba yojambulidwa ndi Mwafirika m'chinenero cha kwawo. Ku Venice chaka chomwecho inapatsidwa mphoto.

Xala, buku la 1973 limene kanema wake anatuluka mu 1975, ndi nkhani ya El Hadji Abdou Kader Bèye, wamalonda wolemera amene anagwa mumpapaya usiku womwe anakwatira mkazi wachitatu. Kumeneko Sembène anaonetsa kuti chimene buku lifotokoza m'masamba ambiri diso lichilandira m'kamphindi. Pachiyambi pa filimu amalonda akuda atulutsa Azungu m'nyumba ya bungwe la zamalonda, ng'oma zikulira panja. Posakhalitsa Azungu omwewo alowanso mwakachetechete, naika patsogolo pa aliyense chikwama chodzala ndalama. Dalaivala atsuka galimoto ya Mercedes ndi madzi a m'botolo a Evian ochokera ku France. Rama, mwana wamkazi wa El Hadji, ayankha atate wake m'Chiwolofu pamene iwo amlankhula m'Chifalansa. Akuluakulu a boma la Léopold Sédar Senghor anadziona okha m'menemo, ndipo mbali zingapo za filimuyo zinadulidwa isanaonetsedwe m'Senegal, chimene sichinachitikire buku, pakuti buku la Chifalansa linali kuopsa ndani?

Sembène ankatcha kanema sukulu ya madzulo ya anthu ake, ndipo ankayenda nawo mafilimu ake m'midzi, nakambirana ndi oonera atatha kuonera. Cholembera sanachitaye, ndipo pofika ku ukalamba njira ija inatembenuka, pakuti Guelwaar inayamba kukhala filimu mu 1992, buku lake nkudzatuluka mu 1996. Filimu yake yotsiriza, Moolaadé, yotsutsa mdulidwe wa atsikana, inalandira mphoto ku Cannes mu 2004. Anamwalira ku Dakar pa 9 June 2007, asanajambule filimu yaikulu ya Samori Touré, mfumu imene inalimbana ndi Afalansa, imene anaikonzekera zaka zambiri koma ndalama zake sizinapezeke. Ndipo Les Bouts de bois de Dieu, buku lake lotchuka koposa, analisiya lili papepala.