Kodi RTK N'chiyani pa Thirakitala?

Zilembo zitatuzi zikuimira mawu a Chingerezi akuti Real-Time Kinematic. Ndi njira yokonzera kuphonya kwa GPS nthawi yomweyo, thirakitala ili pa ntchito m'munda.

GPS wamba, ngati ya m'foni, imatha kuphonya ndi mamita angapo. Poyenda pamsewu palibe vuto, koma pobzala chimanga mamita angapowo ndi mizere ingapo. Njira zaulere monga WAAS ku America ndi EGNOS ku Ulaya zimachepetsako vutoli, komabe mzere womwe thirakitala imatsata umasuntha pang'onopang'ono maola akamapita. RTK imadalira siteshoni yozikidwa pansi, yomwe malo ake ndi odziwika bwino lomwe. Siteshoniyo imayeza kuphonya kwa uthenga wochokera ku masetilaiti, n'kuuza thirakitala kudzera pa wailesi kapena netiweki ya foni. Kuphonyako kumatsika mpaka masentimita awiri kapena atatu okha.

Chondigometsa ine n'chakuti mzere wa chaka chino umapezekanso chaka chamawa, choncho matayala amaponda malo omwewo, osaumitsa nthaka ya munda wonse. Makampani monga John Deere ndi Trimble amagulitsa zipangizozi, ndipo n'zodula. Vuto lina n'lakuti thirakitala ikatalikira siteshoni, kuphonya kumayambanso kukula.