Mbiri ya Matchaina m'Boma la Chongwe, Poyenda pa Njinga

Matchaina a m'boma la Chongwe alibe mudzi wawowawo monga zilili m'mizinda ya San Francisco kapena London. Mbiri yawo yamwazika m'malo angapo kummawa kwa Lusaka, ndipo njinga yakapalasa ikhoza kufika m'malo onsewo tsiku limodzi, potsata msewu wa Great East.

Ubale wa Zambia ndi China unayamba pa 29 Okutobala 1964, patangotha masiku asanu dzikoli litalandira ufulu. Mu Novembala 1965 nduna yaikulu ya Rhodesia, Ian Smith, analengeza mwayekha kuti dzikolo lachoka pansi pa ulamuliro wa Britain, ndipo njira yakummwera yomwe mkuwa wa Zambia unkadutsa inakhala m'manja mwa adani. Pulezidenti Kenneth Kaunda wa Zambia ndi Pulezidenti Julius Nyerere wa Tanzania anapempha China kuti imange njanji yolowera ku Dar es Salaam. Pangano linasainidwa ku Beijing mu 1967, ntchito inayamba mu 1970 n'kutha mu 1975. Njanjiyo, TAZARA, ndi yotalika makilomita 1,860 mpaka ku Kapiri Mposhi, ndipo Matchaina oposa 60 anafera pantchitoyo.

Sitima ya TAZARA sidutsa ku Chongwe, komabe chikumbutso chake chili komweko. Mu Ogasiti 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsegula TAZARA Memorial Park, pomwe pali manda a Matchaina omwe anamwalirira m'Zambia ali pantchito, komanso nyumba yosungiramo zithunzi ndi mbiri ya njanjiyo.

Nyengo yachiwiri, ya malonda ndi ngongole, imaoneka cha kubwalo la ndege la Kenneth Kaunda, lomwenso lili m'bomali. Pafupi nalo pali chigawo cha mafakitale cha Lusaka East, nthambi ya chigawo chomwe Zambia ndi China anakhazikitsa ku Chambishi mu 2007. Nyumba yatsopano yokwereramo ndege inamangidwa ndi kampani ya China Jiangxi pa ngongole ya madola 360 miliyoni yochokera ku Exim Bank ya China. Ntchito inayamba mu 2015, nyumbayo n'kutsegulidwa mu 2021. Matchaina omanga TAZARA anali antchito aboma ndipo ankabwerera kwawo ikatha ntchito, pomwe ambiri obwera masiku ano amadza ndi makampani kapena paokha, ena kudzatsegula masitolo, ena kudzalima ndi kuweta nkhuku.

Wopalasa pamsewuwu sakhala yekha. Mbandakucha amuna amalowera ku Lusaka atasanjikiza matumba a makala pakaliyala, omangidwa ndi malegeni, ndipo pachitunda amatsika n'kumakankha. Woyenda pa liwiro lotereli amatha kuima, kulonjerana ndi anthu ndi kufunsa. Eni nthaka, Asoli a mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndiwo amakumbukira zomwe zinali pamalo pomwe lero pali mipanda ndi nyumba zosungiramo katundu. Nthawi yabwino yoyenda ndi yachisanu, kuyambira Meyi mpaka Julayi, mmamawa malole asanachuluke.