Clara Schumann: Piyano Idasanduka Khasu Lake

Anthu a m'mapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi amadziwa kuti woomba mbalule pabwalo la gule sakhwima tsiku limodzi. Amayamba ali mnyamata, kumvetsera akuluakulu ndi kumenya chitini kuseri kwa nyumba, kufikira manja atazolowera. Ndi m'menenso amakulira oimba piyano a ku Ulaya, ndipo mbiri ya Clara Wieck ichitira umboni.

Clara adabadwira ku Leipzig, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1819. Bambo ake, a Friedrich Wieck, adali mphunzitsi wa piyano wosanyengerera mwana. Adayamba kumphunzitsa ali ndi zaka 5: ola limodzi la phunziro tsiku ndi tsiku, ndi maola awiri oyeserera payekha. M'chaka cha 1828, ali ndi zaka 9 zokha, mtsikanayo adaimba pamaso pa khamu m'nyumba yotchuka ya Gewandhaus. Pofika 1838, nyumba yachifumu ya ku Vienna idampatsa ulemu woposa umene woimba akadalandira kumeneko.

Koma bambo amene adanola lusolo adafunanso kulamulira mtima wa mwana wawo. Pamene Clara adakondana ndi Robert Schumann, wophunzira wawo, a Wieck adakanitsitsa. Nkhaniyo idakafika kubwalo la milandu, ndipo awiriwo adakwatirana m'chaka cha 1840.

Mtendere wawo sudakhalitse. Robert adadwala matenda a maganizo mu 1854, namwalira mu 1856, kusiyira Mayi Schumann ana 7. Apa piyano idasanduka khasu lawo. Adayenda m'mizinda ya ku Ulaya, naoloka nyanja kupita ku England kambirimbiri, kuti anawo adye ndi kuphunzira. Adali m'modzi mwa oyamba kuimba pagulu nyimbo zazitali pamtima, popanda pepala patsogolo, ndipo adazoloweza omvera nyimbo zozama za Bach, Beethoven, Chopin ndi Brahms.

Kuyambira 1878 adaphunzitsa pasukulu ya zoimba ya Hoch ku Frankfurt. Adaimba pagulu komaliza mu 1891, patatha zaka zoposa 60 chiyambire, namwalira mu 1896.

Akuluakulu amati m'mera m'poyamba. Maola aja a ubwana adali owawa, komatu ndiwo adadzalera ana amasiye.